Dombo Zoperewera za Mayi Sarom

Ku Banan konse kunalibe munthu amene anayerekezapo kuwerenganso malalanje amene Mayi Sarom awerenga kale. Wofuna kutukwanidwa mpaka makolo ake atembenuke m'manda, ameneyo ndiye akanayesa. Mayiwa ankakhala pamphasa, mulu wa malalanje kutsogolo, dengu pambali, n'kumatola awiri dzanja ili, awiri dzanja ilo. Anayi amenewo ndiyo dombo. Dombo khumi ndi phuloni, phuloni khumi ndi sileki. Manjawo sankawayang'ana n'komwe. Maso ankakhala pa wogula, pakamwa pakutuluka chiwerengero ndi miseche nthawi imodzi, koma osaphonya ngakhale lalanje limodzi.

Kunthea, mwana wawo yekhayo, manja amenewa ankawadziwa bwino, chikhatho ndi kuseri komwe. M'chilankhulo cha kumeneko chinthu chilichonse chili ndi mawu ake owerengera, munthu ake, mmonke wa kukachisi ake, chipatso ake, phava la nthochi ake, ndipo ali mwana akangosakaniza, khofi linkafika mawuwo asanathe kutuluka mkamwa. Tsopano anali mayi wamkulu ndithu, mwamuna wake ali kuganyu ku Thailand, koma amayi ake akangokhosomola iye ankawongola msana. Musamuseke. Ngakhale amalume ake a Nhem, bambo wa imvi zawo, ankabisa ndudu kumbuyo akamva mlongo wawo akubwera.

Mmawa wa tsikulo kunabwera Kimly, mayi wogula malalanje okagulitsa kumsika wa ku Battambang, ndi pikapu yake yakale. Ankafuna sileki zitatu. Wothyola anali mmodzi yekha, amalume a Nhem, ndiye malalanje ankafika pamphasa pang'onopang'ono, dengu limodzi, kudikira, dengu lina. Kimly anakakhala pamthunzi wa mtengo wa mango, atafulatira, foni ili kukhutu. Akanayang'aniranji? Owerenga anali Mayi Sarom. Ntchito ya Kunthea inali kuyala malalanje m'madengu kuti asaphwanyane, ndi kuika lalanje limodzi pampango phuloni iliyonse ikakwana, loti lisunge chiwerengero.

Sileki yoyamba inatha bwinobwino. Amonke awiri, ansembe a kukachisi oyenda kulandira chakudya mmawa, anaima pamsewu ndi mbale zawo, Kunthea anathamanga kukawapatsa mpunga, anagwada, analandira mdalitso n'kubwerera. Amayi ake anali atayamba kale sileki yachiwiri.

"Dombo zitatu," anatero Mayi Sarom.

M'dengu munagwa malalanje atatu. Lachinayi linapulumuka m'dzanja lamanzere, n'kugubuduka mpaka pabondo la Kunthea. Iye anadikira kuti amayi ake atukwane lalanjelo, monga ankatukwanira chilichonse chowavuta. Sanatukwane. Sanaone n'komwe. Kunthea analitola mwakachetechete n'kuliponya m'dengu. Zimachitika, anadziuza, lalanje la mame limaterera.

"Dombo zinayi. Ndiye mkazi wa wometa uja wathawa, wamva? Dombo zisanu."

Ulendo uno dzanja lamanzere linabweretsa limodzi lokha. Ulendo wotsatira linapita pamulu, linakhudza malalanje ngati likuwasisita, n'kubwerako lopanda kanthu, zala zitapinda. Pakamwa panatchula dombo yathunthu. M'dengu munagwa awiri.

Kunthea anayang'anitsitsa dzanjalo. Zimenezi anali ataziona kale. Abambo ake zinawayamba ndi supuni: inagwa m'dzanja akudya, anaitola, inagwanso. Anthu anati ndi mphepo yawagwira, ndipo anawapala msana ndi kandalama kachitsulo kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. Atafika nawo kuchipatala mawa lake, namwino anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Matenda awa amafuna nthawi yomweyo." Abambowo anagona pamphasa nyengo ziwiri za mvula, osalankhula, osadzitembenuza okha, mpaka anamwalira. Mawu a namwino aja Kunthea sanawaiwale. Ankadziwa chimene akuona, ndipo ankadziwa chimene chikufunika.

Ndiye mukuganiza anatani? Anakuwa? Anaitana amalume ake? Ayi ndithu. Anatola malalanje awiri pamulu n'kuwalowetsa m'dengu mobisa, kuti dombo ikwane.

Koma abale, mantha! Kuuza Mayi Sarom kuti aphonya, wogula ali pomwepo, anali mawu oti sanatulukepo pakamwa pa munthu wamoyo. Ndiponso chiwerengero sachidula pakati. Munthu akayamba phuloni sumulankhula mpaka ikwane, chifukwa akasokonezeka ndiye kuyambiranso. Kunthea anagwira mwambo umenewo ndi manja awiri. Ikangokwana iyi ndinena, anatero mumtima. Phuloni inakwana, anaika lalanje pampango, anatsegula pakamwa.

"Amayi, bwanji mupume kaye? Ndikutungireni madzi?"

"Ndakuuza kuti ndili ndi ludzu?"

"Ayi. Koma dzanja lanulo silikupweteka?"

"Likupweteka ndi lako, laulesilo. Sendeza dengu."

Anasendeza dengu. Mulu utatha anakhala kudikira amalume a Nhem, ndipo mpata wolankhula unali pomwepo, waukulu, koma Kunthea anangoyang'ana dzanja lija lili pamwendo pa amayi ake. Malalanje atsopano atafika, dzanjalo linanyamuka, linatola awiri bwinobwino n'kuwaponya m'dengu. Mtima wake unati myaa. Mwina linangochita dzanzi, mwina analigonera usiku. Linatola dombo zitatu, zinayi. Kenako linayambanso kubwera lopanda kanthu, ndipo ulendo uno silinkafika n'komwe pamulu. Linkangodzuka pang'ono n'kugwera pamwendo.

Ndionetsetse anathetsa nkhosa. Kunthea anaonetsetsa mpaka sileki yachiwiri inatha, iye akuwonjezera awiriawiri, thukuta likutsika kumsana. Anaonetsetsa yachitatu ikuyamba. Mthunzi wa mtengo wa mango unafupika, Kimly anasuntha kampando kake kawiri kuutsatira. Phuloni iliyonse Kunthea ankalumbira kuti ndi yomaliza, ndipo iliyonse ikakwana ankayang'ana nkhope ya amayi ake n'kumeza mawu.

Miseche inayamba kuchepa. Mawu a Mayi Sarom anayamba kulemera ngati avwira mpunga wotentha. Kunthea atakweza maso anaona mlomo wakumanzere utatsika, malovu akuyenderera kuchibwano, eni ake osapukuta.

Nthawi yomweyo Kimly anatseka foni n'kubwera akudziwongola. Anaima kumbuyo kwa Kunthea, ndipo anaona dzanja lake likulowetsa malalanje awiri m'dengu.

"Aa, azakhali," anatero moseka, "masiku ano mwayamba kuwerenga anthu awiri?"

"Awiri ndani?" anafunsa Mayi Sarom.

Kunthea akanatha kunama. Bodza linali lokonzeka kale palilime, loti amangosintha lalanje lowola. Koma anayang'ana malovu aja.

"Amayi, mukuphonya."

Kimly anabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

"Wati chiyani?"

"Mukuphonya, amayi. Dzanja lanu lamanzere silikutola. Mukutchula dombo koma mukuponya awiri. Enawo ndikuwonjezera ndine."

"Ine? Ine Sarom?" Mawu ankatuluka okokeka, koma ukali wake unali womwe uja. "Pamaso pa wogula? Galu iwe, ndinakubalira zimenezi?"

Khofi la dzanja lamanja linafika, phaa! Kunthea sanagwire tsaya. Anatenga lalanje, anatambasula zala za dzanja lamanzere la amayi ake, analiika pachikhatho.

"Gwirani."

Lalanje linagubuduka n'kugwa.

"Waika moipa," anatero Mayi Sarom.

Anaikanso. Linagwanso. Mayiwo anayang'ana pansi kwa nthawi yoyamba, anaona dzanja lili pamwendo pawo, ndipo anakwinya nkhope.

"Chotsa dzanja lako pamwendo pangapa."

"Ndi lanu, amayi."

"Langa ndi ili." Anakweza lamanja. "Ilo si langa. Lichotse, likundilemera."

Apa mpamene Kunthea anaopa zenizeni. Mantha a khofi aja anali masewera. Manja ake onse awiri anali pamaso pa amayi ake, poonekera, koma iwo ankakana dzanja lawo lomwe, mosaseka, maso ali gwa. Kimly anagwira pakamwa, kenako anathamangira m'munda akukuwa dzina la amalume a Nhem.

Amalumewo anatsika pamakwerero, anafika akupuma mwawefuwefu, anayang'ana nkhope ya mlongo wawo kamodzi kokha.

"Ndi mphepo iyi," anatero. "Yawagwira. Ndani ali ndi mafuta?"

Nanga pali mayi wamalonda amene amayenda opanda kabotolo ka mafuta otentha? Kimly anakatulutsa m'chikwama pamodzi ndi kandalama kopalira, kosalala m'mbali chifukwa chogwira ntchito zaka zambiri. Anakweza malaya a Mayi Sarom kumsana, anapaka mafuta, amalume a Nhem anayamba kupala, kuchokera pakati pamsana kutsata nthiti. Mizere inatuluka yofiira psuu.

"Mwaona?" anatero amalumewo mokondwa. "Taonani kufiira kwake! Mphepo yambiri zedi. Ikutuluka imeneyo."

"Pala msanga, Nhem, ndimalize," anatero Mayi Sarom. Dzanja lamanja linali litabwerera kale pamulu.

Fungo la mafutawo linamufika Kunthea m'mphuno. Linali fungo la tsiku lija la abambo ake, ndipo wopala anali yemweyu.

"Amalume, tiwatengere kuchipatala."

"Chipatala cha chiyani, mwanawe? Akangotuluka thukuta achira. Kawawiritsire madzi a jinja."

"Abambo munawapalanso chonchi."

"Abambo ako inali nthawi yawo. Usalankhule zamalodza."

"Achemwali a Kimly, chonde, galimoto yanu."

Kimly anayang'ana amalume a Nhem, anayang'ana Mayi Sarom, osadziwa womvera.

"Sindipita kulikonse," anatero Mayi Sarom. "Kwatsala phuloni zitatu. Chibadwire sindinasiyepo chiwerengero panjira, ndiye ndiyambe lero chifukwa cha mwana wamwano? Dombo imodzi."

Anaponya awiri m'dengu.

Kunthea ankawadziwa amayi ake. Phuloni zitatu zimenezo akanazimaliza ngakhale nyumba ikupsa, ndipo malalanje ake ambiri anali asanathyoledwe n'komwe, anali akadali m'mitengo. Anayang'ana dzuwa. Linali pamutu. Anaimirira, iye amene sanaimepo pamwamba pa amayi ake atakhala pansi, anagwira dengu lowerengedwa kale lija n'kulikhuthulira pamulu. Anagwira lachiwiri, analikhuthulanso. Anakoka mpango uja, malalanje osunga chiwerengero anangoti balala, kusakanikirana ndi anzawo.

"Palibe chatsala, amayi. Palibe choti mumalize."

Mayi Sarom anakuwa mawu osamveka. Amalume a Nhem anaima kakasi, kandalama kali m'manja. Kunthea anawalanda n'kukaponya m'ngalande.

"Iwe, wapenga?"

"Ndapenga, inde! Nyamulani miyendo, amalume. Ndati nyamulani! Akafa pano mukapala mtembo?"

Mawu amenewo anatuluka ndi mphamvu yoti mwini wake anadabwa nayo. Amalumewo ananyamula miyendo. Kimly anathamanga kukatsegula kumbuyo kwa pikapu, anayala mphasa, ndipo anawakweza Mayi Sarom akulimbana ndi dzanja limodzi, akukoka tsitsi la mwana wawo.

Kunthea anakhala pansi m'pikapumo n'kugoneka mutu wa amayi ake pamiyendo pake. Chikulire sanaugwirepo mutu umenewo, nanga mutu wa kholo amaugwira?

"Pepani amayi, ndikukugwirani kumutu," anatero.

"Undipepese ndi zambiri. Wandivula pamaso pa anthu. Usadzanditchulenso amayi."

"Chabwino."

"Malalanje anga wataya ngati zinyalala. Mwana wopanda mwambo. Unatengera kwa abambo ako."

Galimoto inanyamuka, fumbi lofiira likutsatira. Amalume a Nhem anagwira ambulera kutchinga dzuwa. Mayi Sarom anatukwana njira yonse ya m'mbali mwa mtsinje wa Sangker. Anatukwana Kunthea, mwamuna wake wa kuganyu ku Thailand uja, mabampu a mumsewu, ndi mayendetsedwe a Kimly. Kunthea ankangomvera, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake matukwanowo ankamukomera. Koma atafika patala, matukwano anayamba kutalikirana. Liwu limodzi, kupuma, liwu lina. Kenako anatha.

"Amayi?"

Maso awo anali atatembenukira kumanja, zikope zikutsika.

"Amayi, tukwanani. Chonde tukwanani. Ndataya malalanje anu, mwaiwala?"

Panalibe yankho. Kunthea anamenya denga la galimoto ndi chikhatho. "Achemwali, thamangani!"

Kimly anathamangitsa, koma tsoka likalimba limadziwa pokudikira. Atangokhota pafupi ndi kachisi anapeza msewu watsekedwa ndi tenti ya ukwati, yofiira ndi yachikasu, yakhomedwa pakati penipeni pa tala monga amachitira. Zokuzira mawu zinkalira mpaka kugwedeza chifuwa. Kampata kamene anasiya kanali kodzaza ndi njinga zamoto, mipando ndi miphika ikuluikulu ya ophika. Kimly analiza hutala, koma ndani akanamva? Bambo wina wovala malaya onyezimira anabwera akumwetulira, chitini cha mowa m'manja, n'kuwakodola kuti atsike adzadye.

Amalume a Nhem analumpha pansi ngati mnyamata. Anayamba kukoka njinga, kugwetsa mipando, akukuwa, "Wodwala! Tili ndi wodwala!" Anthu anatuluka m'tenti, ena kudzathandiza, ena kudzasuzumira m'pikapu. Mayi wina wopaka milomo anati, "Mwawapala koma?" Wina anabwera ndi kabotolo kake ka mafuta.

Kunthea sanawayang'ane. Anawerama pakhutu lamanja la amayi ake. Kupuma kunalipo, koma kolemera, kwa mkonono. Anawagwedeza, anawaitana, anawatsina. Palibe. Misozi inkagwera pachipumi pawo. Ndiye nzeru ina inamubwerera, ya munthu wothedwa nzeru.

"Dombo imodzi," anatero mokweza. "Dombo ziwiri. Dombo zinayi."

Chikope chinagwedezeka.

"Dombo imodzi, amayi. Dombo ziwiri. Dombo zinayi. Dombo zisanu."

Mlomo wakumanja unasuntha. Kunthea anaika khutu.

"Zitatu," ananong'ona Mayi Sarom. "Chitsiru."

"Zitatu, inde! Dombo zitatu, dombo zinayi, dombo khumi, phuloni!"

"Wadumpha."

Mpata unatseguka, amalume a Nhem anakwera galimoto ikuyenda kale. Kuchokera pamenepo mpaka m'tauni Kunthea anawerenga molakwitsa dala. Anadumpha dombo, anati phuloni ndi dombo zisanu, anawerenga malalanje ndi mawu a nthochi. Nthawi zina amayi ake ankamukonza, nthawi zina ankangokwinya nkhope, ndipo nthawi zina ankakhala chete nthawi yaitali mpaka iye kuganiza kuti basi, zatha. Akatero ankakuwa chiwerengero chopusa kwambiri chimene akanatha kuganiza. Anafika pachipata cha chipatala mawu atasasa.

Anawalandira pakabedi kamatayala. Dokotala anali mtsikana wowonda wa magalasi, wolankhula mofulumira. Anauza Mayi Sarom kuti amwetulire, kuti akweze manja onse awiri, kuti amufinye zala. Anawatembenuza n'kuona mizere ija kumsana.

"Zayamba nthawi yanji?" anafunsa.

"Chakumasana konkuno," anayankha amalume a Nhem. "Tinangowapala pang'ono basi, n'kunyamuka."

"Ayi," anatero Kunthea. "Zayamba mmawa. Amonke atangodutsa."

Amalumewo anamuyang'ana modabwa. Dokotala anayang'ana wotchi yapakhoma, kenako anamuyang'ana iye.

"Mukutsimikiza?"

"Ndikutsimikiza."

Dokotala sanafunsenso. Anakankha kabedi kulowa nako mkati, chitseko chinatsekeka, ndipo atatuwo anatsala pakhonde. Amalume a Nhem anakhala pansi n'kuyamba kudzitukwana okha chifukwa cha kandalama kaja. Kimly anawatonthoza, anati aliyense akanachita chimodzimodzi. Kunthea anakhala patali. Ankadziwa kuti kupala kuja sikunatenge nthawi yoti mpunga n'kupsa. Nthawi yaitali inatayika pamphasa paja, iye akuwonjezera malalanje.

Mawa lake dokotala anamuitanira pambali. Ananena kuti moyo wapulumuka, ndipo mwendo uli ndi chiyembekezo, adzayenda ndi ndodo. Za dzanja anazengereza. Anati mwina lidzagwedezeka pang'ono akamalilimbitsa, koma asayembekeze kuti lidzagwiranso kanthu.

"Tikanafika msanga?" anafunsa Kunthea.

"Mukanafika msanga tikanalimbana nalo," anayankha dokotalayo. "Koma mukanachedwa kuposa apa bwenzi tikulankhula zina. Mwachita bwino kubwera nawo."

Kunthea anakagula phala la mpunga panja pa chipata n'kulowa nalo m'chipinda cha odwala. Usiku wonse amayi ake sanamulankhule, ndipo iye anali atakonzeka kumva zonse: za malalanje otayidwa, za manyazi pamaso pa Kimly, za kuimirira pamwamba pawo. Anawapeza atatsamira pilo, atanyamula dzanja lamanzere ndi lamanja, akulitembenuza, akuyang'ana chipsera chakale cha mpeni pachala chachikulu. Tsopano ankadziwa kuti ndi lawo.

Anakhala pamphepete pa bedi, anatunga phala, anauzira.

"Kimly," anatero Mayi Sarom. Mawu ankatuluka mbali imodzi ya pakamwa, pang'onopang'ono. "Tikanamupunja angati?"

"Sitikanamupunja. Ndinkawonjezera."

"Kuyambira pati?"

Kunthea anayang'ana m'mbale. "Sileki yachiwiri. Phuloni yoyamba."

"Unanena kutatsala zitatu. Pa sileki yachitatu."

"Inde."

Mayiwo anatseka maso. Milomo inkagwedezeka, ndipo Kunthea anadziwa kuti akuwerenga. Mutu umenewo matenda sanaukhudze.

"Sileki yathunthu ndi phuloni zisanu ndi ziwiri," anatero. "Ndi kudikira Nhem pakati."

"Inde."

"Unkaona?"

"Ndinkaona."

"Unkadziwa kuti ndi zija za abambo ako?"

"Ndinkadziwa, amayi."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinkaopa."

"Kuopa chiyani?"

Pabedi loyandikana nalo mayi wina ankasenda nthochi kudyetsa mwamuna wake, ndipo panja wogulitsa madzi a nzimbe ankaitana anthu. Mayi Sarom anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kuyembekezera yankho, mpaka anadziyankha okha.

"Ine?"

Kunthea anafuna kukana. Anafuna kunena kuti ankaopa mwambo, kapena Kimly, kapena kuti sankatsimikiza. Koma mayi ameneyu sanapunjidwepo ndi munthu, ndipo sakanayamba lero.

"Inu, amayi."

"Unkaona ndikufa, koma unkandiopabe?"

"Inde."

Kunthea anaweramitsa mutu kudikira matukwano. Sanabwere. Atakweza maso anaona misozi ikutsika masaya onse awiri, lamoyo ndi lakufa lomwe, mayiwo osatulutsa mawu. Kunthea anali asanawaonepo akulira, ngakhale tsiku limene anatentha mtembo wa abambo ake monga mwa mwambo, ndipo sanadziwe chochita nawo.

"Mwana wanga," anatero Mayi Sarom. "Ndinakuchita chiyani?"

Kunthea anangokhala pamphepete pa bedipo, supuni ili m'mwamba, mpaka phala linazizira.